Mendulo ya Kachasu Yachedwa

Mitundu ina ili ndi mowa wa uchi ndipo imaunyadira ngati mwana wachisamba. Ku Ethiopia amamwa tej m'timabotolo ta khosi lalitali totchedwa berele. Ku Kabompo ndi ku Mwinilunga, komwe ming'oma ya makungwa imalendewera m'mitengo, ali ndi imbote. Kum'mawa kuno njuchi sizisowa ayi: alimi a m'chigwa cha Luangwa amagulitsa uchi ku bungwe la COMACO, n'kukapezeka m'masitolo a ku Lusaka utavala dzina la It's Wild! Koma munthu wa ku Chipata mmero ukauma sadikira njuchi. Ali naye bwenzi lakale, lomwe chaka ndi chaka pa 24 Okutobala limaiwalika pamene ena akuvekedwa mamendulo ku State House. Bwenzilo ndi Kachasu.

Mkuluyu ngwa kubanja kodziwika. Dzina lake akuti ndi la cachaça wa Apwitikizi, amene adakwera ndi Zambezi kudzera ku Tete. Ndi mtchona wa kutsidya kwa nyanja ameneyu, ndipo palibe adamufunsapo pasipoti pa Chanida kapena pa Mwami.

Sanyada pa zakudya. Gaga amene ena amapatsa nkhumba, shuga ndi madzi, basi. Kuchigwa amalandiranso masau. Zimenezi zimagona mu dilamu masiku angapo mpaka thovu litasiya kuwinduka. Kenako mayi wotcheza amatereka mphika, n'kumata pakamwa pake kuti mpweya usathawe, paipi n'kuidutsitsa m'madzi ozizira, kumapeto kwake kuli botolo. Mowa umawira pa madigiri 78 pomwe madzi amadikira 100, choncho mowawo ndiwo umatsogola kutuluka, dontho ndi dontho. Mayiyu sadalowepo mu labu ya ku sukulu ya St Monica's, koma moto amauyeza ndi maso, ndipo akawaza timadontho pa chikuni n'kuona lawi lobiriwira, amadziwa kuti zatheka. Madontho oyambirira, amene a m'mafakitale amawapatula poopa zoipa zili momwemo, kuno amatchedwa mutu, ndipo ndiwo amalimbirana akatswiri.

Ndi mphunzitsi wachangu kuposa aliyense m'chigawo chino. Bambo amene adalekezera giredi 4 akangomeza matoti atatu amayamba Chingerezi, n'kulongosola za ngongole ya dziko ndi mtengo wa kopa ku London, mpaka kusankhira Chipolopolo osewera. Amakongoletsanso ulele. Milomo imafiira popanda chopaka, masaya amatupa ngati a munthu wolandira malipiro a boma, manja amanjenjemera m'mawa ngati a woimba ng'oma ya vimbuza. Za chiwindi amadandaula ndi madokotala, koma chiwindi adachionapo ndani pa msewu?

Nanga chifundo chake! Kachasu sakana munthu chifukwa chosowa makwacha. Amalandira mbale ya nshawa, nkhuku, khasu, ngakhale thumba la feteleza wa FISP limene limayenera kukathiridwa m'chimanga mu Disembala. Chimangacho chikachita chikasu, mlandu umagwera mvula.

Apa wolemba ayenera kuvula chipewa zenizeni, pang'ono chabe. M'makomboni monga Mchini ndi Navutika muli amayi amasiye amene mphika womwewo udawagulira mayunifomu, makope ndi malata. Ana ena amene lero ali m'maofesi adaphunzira ndi ndalama za madontho aja. Kungoti ndalamazo zidachoka m'nyumba ya neba, komwe ana adagona ndi njala usiku womwewo.

Pa maliro safuna kutumiridwa uthenga. Adzukulu asanathe kukumba, iye wafika kale m'thumba la jekete, ndipo maliro ena amakhala kuti wawakonza yekha.

Opikisana naye wawaona ambiri. Chibuku, amene adayambira ku Kitwe m'manja mwa Max Heinrich, adabwera ndi katoni yake yofuna kukhutchumula, koma amadzaza mimba mutu usanamve kanthu. Tujilijili, timapaketi tija tinkalowa ndi m'thumba la mwana wa sukulu lomwe, tidatchuka zaka zingapo mpaka mu Epulo 2012, pamene nduna Nkandu Luo idatiletsa. Kachasu sadatekeseke. Iye lamulo lidamukana kalekale, moti chiletso n'chovala chake cha tsiku ndi tsiku. Apolisi akabwera amakhuthula madilamu, mafumu amaopseza ndi chindapusa cha mbuzi, abusa amamutchula dzina pa guwa Lamulungu lililonse, ulemu umene ngakhale makhansala saupeza. Sabata isanathe, utsi wayambanso kufuka kuseri kwa bafa.

Pa Nc'wala ku Mtenguleni, kumapeto kwa Febuluwale, Inkosi ya Makosi Mpezeni imalawa zakumunda zoyamba pamaso pa alendo olemekezeka. Kachasu sakhala pa ndandanda wa mwambo, koma pobwerera m'tauni madzulo amaonekera pa mayendedwe a njinga zina, zimene zimafuna msewu wonse ndi ngalande zomwe.

M'mawa mwake mayi wina amafika pa khomo la wotcheza, mwana kumbuyo, kudzafunsa za njinga ya amuna ake, yomwe ija amanyamulira anthu ku msika wa Kapata. Njingayo yatsamira pa nkhokwe, ili ndi loko watsopano.

"Ili bwinobwino, amake mwana," amayankha mwini mphika, uku akusonkhezera moto. "Akadzuka muwauze abwere ndi ya mabotolo anayi aja."