Mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma osati m'ndege

Mu November 2023 kampani ya ndege ya Corendon inayamba kugulitsa malonda amene pa depoti ya Lilongwe sangapeze kasitomala ngakhale mmodzi. Inkagulitsa mpando wotalikirana ndi ana. Pa ulendo wa maola pafupifupi 10 wochokera ku Amsterdam kupita ku chilumba cha Curaçao, munthu ankawonjezera ma euro 45 kuti akhale kutsogolo, kuseri kwa katani, kumene aliyense wosakwana zaka 16 sankaloledwa. Pofika mu 2019, Japan Airlines inali itayamba kale kuika kachithunzi ka khanda pa mapu a mipando, kuti wogula tikiti aone pamene padzakhale mwana n'kusankha kutali. Makolo amene ananena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe akanaziona akanafunsa kuti anthu a m'ndegewa anabadwa ndi ndevu kale kapena bwanji.

M'minibasi ya ku Chinsapo mwambiwu udakali ndi mano. Mayi amafika ndi khanda kumsana, wazaka zitatu kudzanja, jumbo ya ufa ndi ndowa. Asanapeze pokhala, wazaka zitatu uja wadutsa kale m'manja mwa anthu atatu ndipo watera pamiyendo pa bambo wina wa ku mpando wakumbuyo, amene wayamba kale kumufunsa dzina. Palibe wapempha chilolezo. Kondakitala salipiritsa wapamiyendo, ngakhale wapamiyendoyo atakhala kuti ali sitandade 2 ndipo mapazi ake akugunda pansi. Khanda likangolira, minibasi yonse imasanduka sikelo. "Muyamwitseni mwanayo, mayi." "Ayi, watenthedwa, mvuleni chipewacho." Wina watulutsa chitumbuwa, wina akuliza makiyi.

Tsono mayi yemweyo amuna ake ali ku Joni, ndipo chaka chino atumiza tikiti ya ndege. Aganiza bwino, chifukwa basi yodzera pa Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge imadya pafupifupi masiku awiri, pamene ndege yosaima pena imatenga maola awiri ndi theka. Wazaka zitatu watsala ndi agogo ake. Khanda la miyezi 8 likupita nawo.

Mwambi uja umayamba kutsimphina mayiyo asanaone ndi msewu wa ku bwalo la ndege ku Lumbadzi womwe. Khanda limene silidziwa dzina lake liyenera kukhala ndi pasipoti yakeyake, chithunzi chake litatsegula maso, ndipo amene anafola ku Immigration kumayambiriro kwa 2024, ntchito yosindikiza mapasipoti itaima, akudziwa kuti kabuku kameneko sikabwera ndi mphepo. Kenako tikiti. Mwana wosakwana zaka ziwiri sapatsidwa mpando, koma pa maulendo a kunja makampani ambiri amamulipiritsa gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wa wamkulu. Kunena kwina, mayi amalipira kuti mwana wake akhale pamiyendo yake yomwe. Kondakitala wa ku Biwi atayesa zimenezi, ulendowo sungafike pa mlatho wa Lilongwe.

Nanga kutengerako mwana wa mnzako? Apa ndiye mwambi umakutengera kupolisi. Mu June 2015 dziko la South Africa linakhwimitsa lamulo lakuti aliyense wolowa kapena kutuluka ndi mwana aonetse setifiketi yobadwira yokhala ndi mayina a makolo, ndipo ngati mwanayo si wake, aonetsenso kalata ya chilolezo ya eni mwana. Mu 2019 anafewetsako kwa ana a m'mayiko ena, koma cholinga chake, chothana ndi ozembetsa ana, sichinathe, ndipo Malawi nayenso ali ndi lamulo lake lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015. Azakhali amene angafike pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Joni ndi mwana wa achimwene awo, chikalata chawo chokha chili mwambi, adzaufotokoza mwambiwo m'kachipinda kopanda zenera.

Pa bwalo la ndege la Kamuzu, thobwa la m'botolo la malita awiri limene apongozi analongedza limathera pa makina ounikira katundu, popeza zamadzimadzi zopitirira mamililita 100 salowa nazo m'manja. Mkaka ndi phala la mwana amalola. Chitenje chimalowanso, koma ntchito yake imachepa: ponyamuka mwana amatsitsidwa kumsana, amakhala pamiyendo, ndipo amamangidwa ndi kalamba kake kolumikizidwa ku lamba wa mayi ake. Mayi wina wa mwana akakhala mbali yomweyo, ogwira ntchito m'ndege akhoza kuwasiyanitsa, poti pamwamba pa mipando yoyandikana nthawi zambiri pamakhala masiki ya mpweya imodzi yokha yapadera. Anthu awiri okhawo amene akanamvetsana m'ndege yonse amakhala wina uku wina uko.

Kenako mtsikana wa yunifolomu amaima kutsogolo n'kulengeza mwaulemu mawu amene ku Mgona angamuitanitsire kwa amfumu: mpweya ukavuta, yambani mwavala masiki yanu musanathandize mwana. Osati wa mnzako, wako weniweni. Chifukwa chake chilipo ndithu. Pa mtunda wa mamita pafupifupi 11,000, mpweya ukathawa m'ndege, munthu amakhala ndi mphindi yosakwana imodzi asanayambe kusokonezeka mutu, ndipo mayi wokomoka savalika mwana chilichonse. Komabe kwa mayi amene moyo wake wonse amadya mwana akakhuta, mawuwa amamveka ngati akumuphunzitsa umbombo.

Mwana amalira. Salirira mwano. Mpweya wa m'ndege umakhala ngati wa pamalo okwera mamita 1,800 mpaka 2,400, ngati pamwamba pa phiri la Dedza, ndipo ndege ikamatsika mpweyawo umakankha khutu kuchokera kunja. Wamkulu amayasamula kapena kumeza malovu, kanjira kolumikiza khutu ndi kummero n'kutseguka. Ka khanda n'kakang'ono, ndipo khanda silidziwa kuyasamula dala. Mankhwala ake ndi kumeza, ndiye kuti kuyamwa. Madokotala a ana amalangiza zomwezo. Choncho agogo a m'minibasi aja, amene sanakwerepo ndege, anali ndi yankho kalekale. Vuto n'lakuti m'ndege muno mulibe wowafuulira mawuwo.

M'malo mwake muli bambo wa jekete pa mpando wa pazenera. Bamboyu ndi wa ku Area 25, anakulira pamsana pa anthu a mzere wonse wa nyumba, ndipo dzana lomweli ananyamula mwana wa eni m'minibasi kuchokera pa Nsungwi mpaka m'tauni. Lero watulutsa mahedifoni, wapuma mwamphamvu kawiri, akuyang'ana mitambo ngati ili ndi ngongole yake. Chamusintha n'chiyani? Mwina mtengo wa tikiti, umene umapangitsa munthu kuganiza kuti wagula ndi bata lomwe. Koma mwina ndi mchira wa mwambi uja, umene anthu amaudula: ukachenjera manja udya naye. Ku Kawale mwana amene wamunyamula lero udzamupeza mawa akugulitsa tomato, akukankha galimoto yako m'matope a January, kapena ali namwino pa tsiku limene wadwala. Ndi ndalama yosungitsa. Khanda la mpando 14B sudzalionanso mpaka kalekale, ndipo manja amadziwa kuwerengera.

Kumene anthu sadzaonananso, makolo afika popepesa mwana asanalakwe. Mu 2019 mayi wina wa ku South Korea, paulendo wa ku San Francisco ndi khanda la miyezi inayi, anagawira anthu a m'ndege timapaketi toposa 200 ta maswiti ndi zotsekera m'makutu, ndi kakalata kopepesa m'dzina la mwanayo. Intaneti inamuyamikira kwambiri. N'zomvetsa chisoni kuposa kuseketsa. Mayi wa ku Area 23 atagawa maswiti m'minibasi kuti mwana wake mwina alira, anthu angalandire maswitiwo, koma angamufunse ngati kunyumba kuli bwino.

Ena anautsatira mwambiwu mpaka kuupyola. Mu August 2024, m'ndege ya Juneyao Airlines yochokera ku Guiyang kupita ku Shanghai ku China, amayi awiri anatenga kamtsikana kolira kwa agogo ake, agogowo atavomera, n'kudzitsekera nako m'chimbudzi cha m'ndege, akukauza kuti katuluka kakatonthola. Mmodzi anaika kanema wake pa intaneti poganiza kuti anthu amuwombera m'manja. Anamudzudzula koopsa. Mwana wa mnzawo anamutengadi ngati wawo, koma anangotengako ufulu wolanga, kulera n'kusiya. Khalidweli si lachilendo kwathu kuno. Pa munthu mmodzi wotulutsa chitumbuwa m'minibasi pamakhalanso wina woopseza kuti "Ukapitiriza ndikuitanira apolisi," kapena kuloza mayi wovala zoyera kuti ali ndi jakisoni. Amenewo asakwere ndege, ndi minibasi yomwe.

Malamulo a m'ndege ndi oona, ndipo palibe amene akuti mwana azidutsa m'manja kuchokera mpando 3 mpaka 25 ndege ikunyamuka. Koma malamulowo amathera pamene nyali ya malamba yazima. Kuyambira pamenepo mayi uja ali ndi thireyi ya chakudya imene sangaitsegule mwana ali pamiyendo, chikwama cha matewera chili pamwamba pomwe sangafikire ndi dzanja limodzi, ndipo chimbudzi chake n'choti munthu mmodzi amatembenukamo movutikira. Palibe ndime ya lamulo yoletsa kumutsitsira chikwama.

Amene mukwere ndege pa Lumbadzi December uno, mpando wanu n'kugwera pafupi ndi khanda, chotsani hedifoni imodzi n'kufunsa monga mumafunsira pa siteji: "Mayi, ndikugwirireni mwanayo mudye kaye?"