Mapanga Awiri, Flashi ndi Thiranki ya Agogo

Mwambi woti mapanga awiri avumbwitsa takhala tikuuponyera amuna amitala ndi andale oyendayenda m'zipani, ndipo sindinamvepo wina akuutsutsa. Mwezi wathawu mwana wa mlongo wanga, yemwe akuphunzira zamakompyuta, anautsutsa pamaso pa akuluakulu. Akuti kwawoko lamulo ndi 3-2-1: chinthu chofunika chikhale m'makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi ligone kutali ndi nyumba. "Amalume," anatero, "phanga limodzi ndiye lovumbwitsa."

Mbiri ikumuikira kumbuyo. Mu 1919 moto unanyeketsa maofesi aakulu a boma la atsamunda ku Zomba, mapepala ambiri oyambira 1891 n'kupsa, moti ofufuza ku National Archives amagwera m'dzenje limenelo mpaka lero. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ku Chilobwe ndi ku Phalombe mu 2023, masatifiketi ndi zithunzi zamabanja zinapitira limodzi ndi matope. Choncho tinamupatsa mnyamatayo ntchito yosamala mapepala a banja lathu, poti tikukonzekera chiliza cha agogo aamuna ndipo wolemba pamwala akufuna chaka chobadwa.

Chuma chathu chonse chili m'thiranki yachitsulo imene agogowo anabwera nayo kuchokera ku Joni, yomwe imakhala kunsi kwa bedi la azakhali. Muli khadi la ubatizo, chiphaso cha Wenela, malisiti a msonkho, makhadi achipani a nthawi ya Kamuzu ndi zithunzi zimene njenjete zinalawako m'mbali. Mnyamatayo anajambula chimodzichimodzi ndi foni n'kuponya pa gulu labanja la pa WhatsApp.

Apa ndiye mapanga anayamba kuswana. WhatsApp imapatsa chithunzi dzina lake: IMG, tsiku, kenaka WA0047. Khadi la ubatizo ndi WA0047, ndipo WA0048 ndi uthenga wa maluwa wofunira anthu Lachiwiri labwino. Imafinyanso chithunzi kuti chisadye bandulo, ndiye msuweni wa ku Leeds atachijambulanso pa sikirini n'kutumizira wa ku Lusaka, 8 anasanduka 3 ndipo dzina la m'busa linangokhala utsi. Wina analemba ndandanda wa mbumba pa laputopu. Lero tili ndi "mbumba", "mbumba yokonzedwa", "mbumba yomaliza" ndi "mbumba yomaliza yeniyeni". M'modzi agogo ali ndi ana asanu ndi awiri, m'mwina asanu ndi anayi, chifukwa wokonzayo anachotsamo mwakachetechete ana a kunyumba yachiwiri. Agogonso, Mulungu ause mzimu wawo, mwambiwu sanaumvere.

Nanga chaka chija? Khadi la kutchalitchi likuti 1931. Chiphaso cha Wenela chikuti 1928, poti anyamata ankadzikuza zaka kuti alembedwe ntchito ya kumigodi. Azakhali akuti mapepala onsewo ngabodza, iwo akudziwa zoti pa njala ya 1949 bambo awo anali atakwatira kale, ndiye tiwerengere tokha.

Ine pamenepa sindiseka. M'thirankimo muli chithunzi cha amuna anayi ovala masuti ndi zipewa, ndipo amene angatchule wa kumanzereyo dzina ndi azakhali okha. Chithunzicho chili m'malo asanu tsopano, koma tsiku limene azakhali adzatisiye, bamboyo adzakhala mlendo m'malo asanu onsewo. Kuchulukitsa makope n'kosavuta, ndi ntchito ya chala. Yovuta ndi yokhala pamphasa ndi nkhalamba, pensulo m'manja, kulemba kuseri kwa chithunzi kuti uyu ndi uje, wa mfunda wakuti, mudzi wakuti, ndipo watiuza ndi uje. Fayilo nayo ipatsidwe dzina lomveka: chaka, mwini wake, mtundu wa pepala. Zaka zikasemphana musafufute chimodzi, lembani zonse ndi kumene chilichonse chachokera. Ndandanda weniweni ukhale umodzi, wosunga mmodzi wodziwika, enawo akhale makope chabe. Mapepala enieniwo alowe m'maenvelopu, thiranki ikwere pamwamba pomwe chiswe ndi chinyontho sizifika. Ndipo ana a kunyumba yachiwiri abwerere, ndi magazi athu.

Izi ndinazinena pa gulu, ndipo anthu anayankha ndi tizala takuvomereza. Pasanathe sabata foni ya mnyamatayo inabedwa m'minibasi. Sitinadandaule, poti makope ena anali pa flashi. Flashiyo mchimwene wake anali ataifomata kale kuti aikemo nyimbo za pachinkhoswe, akuti zithunzi zili kwa wa ku Leeds. Wa ku Leeds anali atafufuta zake chifukwa foni inadzaza, podalira flashi. Tatsala ndi Google Drive, kumene mnyamatayo akulumbira kuti zonse zili mwadongosolo, mafoda ndi mayina omwe. Akuti pasiwedi yake anaisankha yosaiwalika kwa aliyense wa m'banja: dzina la agogo ndi chaka chawo chobadwa.