Galimoto Yafera Pati, Ana Anga?

Mu Lilongwe muno muli anthu amene akafuna buledi pagolosale yapangodya amaliza galimoto. Ikakhala kugalaja amaitana kabaza. Akaona mnzawo wakuntchito akuyenda wapansi m'mbali mwa msewu wa Chilambula, pofika madzulo nkhani yafala kale yoti uje zinthu zamuvuta. Anthu omwewa ndi amene atsegula gulu la pa WhatsApp la okonda kukwera mapiri.

Choyamba pagulu lotere ndi komiti: tcheyamani, wachiwiri wake, mlembi, msungichuma, ndi mayi mmodzi woona za chakudya amene ali ndi mphamvu kuposa onsewa. Kenako mkangano wa mtundu wa malaya, umene umatha anthu awiri atatuluka pagulu. Kenako zopereka, ndipo dzina la amene sanapereke limaikidwa m'mawa uliwonse popanda kachizindikiro kobiriwira, kuti dziko lione. Za kuyenda zimabwera pamapeto.

Ulendo waukulu anaupangira pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, pamene theka la tauni limathamangira kunyanja. Anasankha Cape Maclear. Galimoto zinatsetsereka pa Khwekhwelere m'mamawa, n'kudutsa pa Golomoti magalasi ali chitsekere chifukwa cha fumbi ndi ogulitsa malonda, ndipo dzuwa lisanakwere kwenikweni anthu anali akutsika pamudzi wa Chembe, aliyense atavala ngati akukamenya nkhondo. Nsapato zazitali za pakaunjika zochapidwa bwino, zimene mwini wake amalumbira kuti anagula ku Johannesburg. Wotchi yowerenga mapazi, imene siikhutira mpaka itaona 10,000. Botolo la madzi ogula, pafupi ndi nyanja yonse ija. A Tcheyamani anali ndi ndodo ziwiri zachitsulo, dzanja lililonse yake.

Pageti lolowera kumalo otetezedwa panachitika chozizwitsa. Bwana wina amene sabata yonse amalankhula Chingerezi cha m'mphuno, ngakhale kwa mlonda wa pakhomo pake, ataona kuti Amalawi amalipira zochepa kuposa alendo akunja, Chichewa chinamubwerera nthawi yomweyo. "Achimwene, ife ndi eni nthaka, mchombo wathu uli konkuno." Anapempha ndi kuchotserako komwe.

Wowatsogolera anali mnyamata wa pamudzipo, atavala patapata. Ntchito yake ankaidziwa. Anawauza kuti malowa anatetezedwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamitundumitundu tokhala m'miyala. Anawaimika pamanda a amishoni n'kufotokoza kuti mishoni ya Livingstonia inayambira pamenepa mu 1875, a Robert Laws ali m'gulumo, koma malungo atawatha anthu anasamukira ku Bandawe mu 1881. Atamaliza anafunsa ngati pali funso. Linalipo limodzi, la a Msungichuma.

"Kodi kuno mapuloti akugulitsa bwanji?"

Njira ya ku Otter Point ndi yokongola, zimenezo sindingatsutse. Matanthwe akuluakulu atsamira pamadzi, madziwo ndi oyera moti mbuna umaziona uli chiimire, chilumba cha Thumbi chili apo, ndipo nkhwazi imalira pamwamba pa mitengo. Koma anthu athu kukongola amakupatsa msana. Aliyense anaima pamwala, nyanja ili kumbuyo, nkhope ili kufoni. Mayi wina wakubanki anajambulitsa chithunzi chimodzi kambirimbiri chifukwa mkono sunkaoneka bwino. Wina anatambasula manja kumapeto kwa thanthwe kuti aoneke wolimba mtima, chithunzi chitangotheka n'kubwerera chokwawa, akuitana Yesu. Sipika inali paphewa pa Mlembi, ikulira mokwanira kuti katumbu aliyense wa m'deralo asamuke.

Atayamba kukwera phiri la kuseri kwa mudzi, nkhani zinachepa. Dzuwa la Okutobala kunyanja silidziwa udindo wa munthu. A Tcheyamani, amene pagulu paja amalemba kuti thupi ndi kachisi, anayamba kuima pamthunzi uliwonse, ati akudikira otsalira, pamene wotsalira anali iwo omwe. Chikwama chawo chinapezeka chili kumsana kwa mnyamata wa patapata uja, pamodzi ndi zina zitatu. Popumulira, mayi wa chakudya atangovundukula kontena ya nkhuku, nyani anatsika pamwala, n'kutenga ntchafu ziwiri, n'kukakhala poteropo kumadya akuwayang'ana. A Msungichuma anafunsa ngati ntchafuzo zilembedwe kumbali ya zowonongeka.

Potsika, Wachiwiri kwa Tcheyamani anati foni yake ikuonetsa njira yachidule. Mnyamata uja anati kumeneko kuli chitedze. Wachiwiriyo anayankha kuti foni imalumikizana ndi makina a m'mlengalenga, ndipo analowera komweko. Amene anamutsatira anatulukira kumunsi akuvina gule amene alibe ng'oma.

Njira yachiduleyo inawafikitsa m'munda. Mizere inali itaungidwa kale kudikira mvula, ndipo gulu lonse linadutsa chopingasa, nsapato za ku Johannesburg zikuphwasula mzere uliwonse. Panalibe wonena odi. Kutauni munthu amene sukumudziwa sumupatsa moni, pokhapokha ngati ali ndi galimoto yoposa yako. Pansi pa mlambe panali gogo wina atatsamira khasu, akuwayang'ana mpaka onse atafika.

"Takulandirani. Galimoto yafera pati, ana anga?"

"Sinafe, agogo. Tikungoyenda."

"Kuli zovuta?"

"Ayi, kulibe maliro."

Gogoyo anayang'ana ndodo ziwiri za a Tcheyamani, n'kuyang'ana anthu ankadzikanda aja, nkhope yake n'kugwa ndi chisoni. "Ngati ndi kuchipatala, mwasochera. Bambowa muwabereke, asafike pokomoka."

"Agogo, tikulimbitsa thupi. Timachita kulipira kuti tiyende chonchi."

"Mumalipira ndani?"

Funso limenelo a Msungichuma sanalikonde. Koma gogoyo sanadikire yankho. Anati ngati nkhani ndi yolimbitsa thupi, khasu ndi ili, mizere mwaphwasulayi ndi iyo, ndipo iye salipiritsa. Gulu linaseka kwambiri, n'kunena kuti agogowa ndi anthabwala. A Tcheyamani analandiradi khasulo, n'kulikweza m'mwamba, n'kudikira kuti onse ajambule, n'kulibweza lisanakhudze dothi. Mayi wakubanki anapempha kuti asenzeko mtolo wa nkhuni umene unali pambali, wa chithunzi basi. Unakanika kuchoka pansi. Mtolowo unali utabwera pamutu pa gogoyo m'mawa womwewo.

"Kwanu n'kuti, bambo?"

"Ku Area 47, agogo."

"Ndafunsa kwanu."

A Tcheyamani anayang'ana wotchi yawo. "Ku Golomoti."

"Si pompa apa? Mayi anu alipo?"

"Alipo."

"Ndiye mwawaona podutsa."

Anayankha kuti anawatumizira kangachepe pafoni, poti lero ndi tsiku lawo. Gogoyo anangoti, "Oho," n'kuweramira mzere woyamba. Apa pagulu panagwa chete, chifukwa ambiri mwa iwo ali ndi Golomoti wawo. Anthu amenewa anakula akuyenda mtunda kupita kusukulu, kuchigayo ndi kudambo, ndipo anawerenga mabuku usiku ndi koloboyi n'cholinga choti asadzayendenso. Lero akusonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti ayende m'minda ya eni, bola usakhale wa kwawo, kumene angapatsidwe khasu lenileni ndi mndandanda wa mavuto.

Kuchokera pamundapo kukafika pamene anasiya galimoto sipatali, koma njinga zamoto zinaitanidwa. Vuto linatsala limodzi: wotchi ya a Tcheyamani inali isanakwane 10,000. Anaivula n'kumuveka mnyamata wa patapata uja kuti abwere nayo wapansi, ndipo pomulipira anamuuza kuti ndalama zavuta masiku ano, amvetse. Usiku womwewo chithunzi cha khasu chija chinali pa Facebook, pansi pake atalemba kuti tisaiwale kumene tinachokera. Anthu anachikonda kwambiri. Mmodzi mwa oyamikira anali mlongo wawo wa ku Golomoti, amene anafunsanso ngati feteleza wa chaka chino akumukumbukira. Funsolo linafufutidwa.

Ulendo wotsatira akuti ndi wa ku Livingstonia, kukwera msewu wokhotakhota wa Gorodi kuchokera pa Chitimba mpaka kukaona mathithi a Manchewe. Malaya atsopano akusokedwa, ndipo a Msungichuma ayamba kale kufunsa mtengo wa matola okwera phirilo. Inu a ku Khondowe amene muli ndi minda m'mbali mwa njira, musadzati sitinakuuzeni.