Kalata yochokera ku Joni: Ndagula ya apolisi

Rosettenville, Johannesburg

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu, ana ndi mayi kumeneko ku Bangula. Ndamva kuti dzuwa la chaka chino lafika poti nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Kuno kulibe chovuta.

Mayi muwakhazike pansi kaye asanayambe nthungululu. Ndagula galimoto. Ndi Toyota Hilux yoyera, ya kanope kumbuyo, ndipo eni ake oyamba anali apolisi a kuno.

Musadzidzimuke, sindinabe. Galimoto za boma zikatopa kuno amazigulitsa pa okushoni. Umapereka dipoziti, akupatsa nambala, kenako tsiku loonera umapita kukazizungulira. Kuyendetsa salola. Umangosuzumira pawindo, kumenya tayala ndi phazi, n'kugwedeza mutu kuti anthu aziti umadziwa. Nyundo ikagunda, galimoto ndi yako mmene ililimo, kulibe zobweza. Komanso mtengo umene wakwezera dzanja si womaliza, pamwamba pake pamabwera VAT ya 15 peresenti ndi ya ogulitsawo. Pamalo amenewo dzanja silikwezedwa chisawawa. Ntchentche inanditera pamphuno, ndinangoisiya imalize zimene inabwerera.

Ndinapita ndi makaniko wina wa ku Beira amene timamvana naye Chisena. Iyeyo sanayambe ndi injini, anayamba ndi mapepala. Kuno pa pepala la galimoto pamalembedwa khodi. Code 2 ndi yoti inangogwirapo ntchito. Code 3 inaphwanyikapo n'kumangidwanso, ndipo a inshuwalansi ndi mabanki amaiyang'ana ndi diso lofiira. Code 4 ndi maliro, ya sipeya basi, pamsewu sidzabwereranso. Yanga ndi Code 2, choncho alamu asade nkhawa.

Mnyamata wina amene timagona naye nyumba imodzi, wokonda YouTube, anandiuza kuti ku America ya apolisi imachoka kufakitale ili kale ndi chizindikiro. Ford Crown Victoria inkakhala ndi P71 pa nambala ya chesisi, Chevrolet Caprice inkadziwika ndi 9C1, ndipo ankaziikira masipuling'i olimba, alitaneta yaikulu ndi zoziziritsira injini zoonjezera. Tinayatsa tochi n'kuwerenga zilembo ndi manambala onse 17 a chesisi yanga, kuyambira kumanzere, kubwerezanso kuyambira kumanja. P71 kunalibe. Chizindikiro cha yangayi ndi mabowo padenga pamene panali magetsi abuluu, mabowo ena pa dashibodi pamene panali wailesi yawo, ndi mawaya odulidwa amene palibe akudziwa kumene ankapita. Waya wina ndinamugunda mwangozi, hutala inalira mpaka tinachotsa batire. Mvula ikagwa ndimayendetsa nditavala chipewa.

Mita ikuonetsa makilomita opitirira 300,000, koma makaniko akuti mita imanena theka la nkhani. Siwerenga maola amene injini inkalira usiku wonse galimoto itaima pakona, akuluakulu akuotha hita. Siwerenganso kuchuluka kwa mapazi amene anaponda kilatchi, poti wina akaweruka wina amalowa, galimoto yokhayo osaweruka. Mpando wa dalaivala unakumbika ngati mtondo wa agogo, moti ndimakhalira pilo kuti ndione kutsogolo.

Koma vuto lenileni, achimwene, si injini. Mizere yabuluu ndi yachikasu anaimatula, nambala yawo yothera ndi B anachotsa, koma utoto umene unali pansi pa zomatazo sunapse ndi dzuwa. Fumbi likangokhala pang'ono, mawu oti POLICE ndi 10111 amatulukiranso bwinobwino.

Lamlungu ndinati ndikaonetse anzathu ku bwalo kumene Amalawi timasewera mpira. Ndinangokhota kulowa pageti, bwalo lonse mbwee! Goloboyi anadumpha mpanda umene masiku onse amati ndi wautali. Oyimbira anataya wezulo. Amayi ogulitsa nsima anathawa ndi mphika wa ndiwo n'kusiya mwana, kenako anabwerera, anatenga mwana n'kusiyanso mphika. Musawaseke. Pachipata cha Beitbridge Mmalawi amamudindira masiku 30 okha, ndipo ambiri masiku awo 30 anatha Bingu akutsegulira doko la ku Nsanje mu 2010. Galimoto yoyera ya kanope kwa iwo ndi ulendo wa ku Lindela, ku Krugersdorp, kumene amasungira anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo. Ndinatuluka n'kufuula kuti ndine ndemwe, koma amene anandiyankha ndi galu.

Ubwino uliponso. Bambo wina wa ku Ngabu amene anandikongola ndalama kalekale, woti foni yanga sankayankha, anabweza zonse kudzera pawindo asanaone n'komwe nkhope ya dalaivala. Ataizindikira anafuna kuti tikambirane, koma ndinali nditaika kale giya. Madalaivala a matekisi, amene kuno sapatsa njira ngakhale ambulansi, ine amandipatsa. Usiku ndimaisiya panja, m'mawa ndimaipeza ndi magalasi ake onse.

Maganyu onyamula katundu ndikupeza, koma anthu kumbuyo amakana kukwera. Mawindo ndi a waya, ndipo chitseko chimatsekulidwa ndi wa kunja yekha. Mmodzi yekha ndi amene anakwera osafunsa popondera. Anapita molunjika pakona yakumanzere, anakhala, n'kunena kuti benchiyi sanaikonzebe. Sindinamufunse zambiri.

Mu Disembala ndikubwera nayo. Apolisi a kuno ayenera kuiyendera kaye ndi kundipatsa chikalata cha SARPCCO chotsimikiza kuti si yakuba. Taganizani, akaone ngati galimoto yawo yomwe si yakuba. Ndikadzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza, kumene a MRA akandiwerengere msonkho, ndipo paja galimoto ikakalamba msonkho wake ndiye umakula. Mabuleki ndikonzetsa konkuno, chifukwa sindikufuna kutsika mapiri a ku Thabwa ndi mapemphero okha.

Tsono ntchito yanu ndi iyi. Muwauze azakhali kuti akadzaona galimoto yoyera ikulowa m'mudzi asadzataye kachasu, chaka chonse ndakhala ndikumulota. Anyamata a kabaza pa Dyeratu ndi pa Nchalo asadzasiye njinga pamsewu. Atsibweni aja amene amaphera nsomba masikito asadzalowe m'bango, muli ng'ona. Amfumu muwadziwitsenso, mwaulemu. Abale a ku Makhanga adzachite kuwoloka okha pa Mtayamoyo kudzaiona, chifukwa Hilux ngakhale ya boma sisambira.

Ikadzafika izidzanyamula mbuzi za ku Ngabu ndi milamba yowamba kupita ku Blantyre. Pa ntchito imeneyo kanopeyo ndi wabwino zedi, anthu anzeru kuposa mbuzi analephera kutulukamo.

Chatsala n'kuipenta, ndipo apa ndikufuna nzeru zanu. Yoyera anthu akuthawa. Yabuluu adzati ndi ya DPP, yachikasu ya UDF, yofiira ya UTM, yobiriwira adzati tambala wakuda ali m'njira, ya olenji adzati ndi ya Amayi. Mukhale pansi ndi akuluakulu mundisankhire, bola isakhale yakuda, anthu angayambe kufunsa kuti wamwalira ndani.

Ndalama ya mwezi uno musadikire, yapita ku kilatchi. 

Ine mng'ono wanu wa ku Joni