Ulemu kwa Khushoni Yophwa

Pa mipando sikisi ya patebulo lathu lodyera pali umodzi womwe khushoni yake inaphwa kalekale. Ndati ndiitamande ikadalipo, poti kwathu kuno timadikira munthu alowe m'bokosi kuti tinene zabwino zake.

Inachokera kwa kalipentala wina ku Ndirande ili yotupa ngati mandasi a m'mawa. Mkuluyo anaimenya ndi chikhatho n'kuti, "Bwana, siponji iyi ndi yolimba, mudzasiyira zidzukulu." Mvula isanagwe kawiri, siponjiyo inali itagona. Kwacha inachita kudikira mpaka Novembala 2023 kuti igwe ndi 44 peresenti, koma khushoni yathu inagwa yokha mwakachetechete, osayembekeza chilengezo cha wina aliyense. Kudzichepetsa kotereku mungakupeze kuti?

Odziwa amati chinsinsi cha siponji chili pa kulemera kwake, osati pa kutupa. M'kati mwake muli timabowo ta mpweya tosawerengeka. Yabwino imamveka kulemera m'manja, ndipo ukaidinikiza ndi chala imadzuka pomwepo. Yotchipa ndi mpweya wovala suti: timakoma ta timabowo tija tikasweka, basi, sidzukanso. Ine ndinasankha ndi maso, ndipo sindikudandaula, chifukwa ndinagula mlonda pamtengo wa khushoni.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma sanatiuze chochita mame akakana kukamuka. Khushoni yathu ikudziwa. Amalume akafika n'kuyamba nkhani za ku Joni, za m'migodi nthawi ya TEBA, nkhani zomwe tonse tinaziloweza, timawalozera mpando uja mwaulemu wonse. Mphindi khumi zoyamba amaseka. Kenako thabwa la pansi limayamba kulankhula ndi mafupa awo. Amapendekera kumanzere, n'kupendekera kumanja, amayesa kukhalira m'mphepete, mpaka mumangomva kuti, "Mphwanga, ndiyende, kwada." Dzuwa lili paliwombo. Palibe wawathamangitsa, palibe wayang'ana wotchi, ndipo ufa wamadzulo wapulumuka.

Chikopa chake ndi lekizini, ndipo mwezi wa Okutobala amaonetsa chikondi chomwe anthu ambiri alibe. Ukakhalapo utavala kabudula amakugwira ntchafu osafuna kukusiya, ndipo podzuka umachita kudzimatula ngati pulasitala. Pakona pena anang'ambika, moti munthu akakhala, mpweya wotsalawo umatuluka ndi kaphokoso koti fyuu. Tsiku la nyemba kaphokoso kameneka kateteza mbiri ya anthu ambiri m'banja muno. Aliyense amangoti, "Ndi mpandowu." Khushoni imavomera mlandu osatsutsa.

Imasunganso mbiri ya banja kuposa chimbale cha zithunzi. Banga la msuzi wa usipa lili apo, la thobwa la pachinkhoswe lili apa. M'mng'alu uja tinapezamo kale kakhobidi ka K10, njere za mpunga wa Khirisimasi, ndi chivindikiro cha cholembera chomwe mwana anakalipiridwa kuti wataya. Za alendo ofiirira okhala m'misoko ndingodutsapo msanga. Amati nsikidzi zinalowa ndi alendo, tsono mlandu si wa khushoni, iyo inangochereza. Loweruka timaiyanika padzuwa, madzulo imabwerera pamalo pake ili yofunda, yopanda chakukhosi.

Anansi athu anachita zanzeru, ati. Anagula siponji yolemera, anasoketsa zovundikira za chitenje zokhala ndi zipi kuti azichapa, n'kuikira tizingwe tomangira kumpando kuti khushoni isamaterereke. Anayeza ndi mpando womwe asanadule siponjiyo. Zotsatira zake ndimaziona ndikasuzumira pa mpanda: alendo obwera kudzamwa tiyi amadyanso nsima yamasana, n'kufunsa ngati madzulo kuli nkhuku.

Sabata yatha mayi a ana anati mipando yonse ipite kwa wokonza akaikemo siponji yatsopano. Ndinavomera isanu. Wachisanu ndi chimodziwo ndausuntha, ndauika pafupi ndi khomo, mbali yomwe amakonda kukhala mlamu wanga akabwera kumapeto kwa mwezi kudzafotokoza za bizinesi yake yomwe yangotsala ndi mpamba wochepa. Wanditumizira uthenga kuti afika Lachisanu.