Fodya Wako ndi Wapamphuno: Kuyesa Kabokosi Kosungira Magetsi

Power station yonyamula pamanja ndi kabokosi kamene kamasunga magetsi m'batire n'kumawatulutsa pa nthawi imene mwini wake akuwafuna. M'kati mwake muli zinthu zinayi: batire la lithium, tchaja yolidzazira, inveta imene imasandutsa magetsi a m'batire kuti afanane ndi a pakhoma, ndi kachipangizo kolondera kuti batire lisatenthe kapena kutheratu. Kutsogolo kwake kuli masoketi a pulagi wamba, timabowo ta USB, bowo la 12V longa la m'galimoto, ndi kagalasi koonetsa mphamvu imene yatsala. Makampani monga EcoFlow, Jackery, Bluetti ndi Anker amapanga timabokosi timeneti poganizira anthu okagona m'matenti kutchire, koma m'maiko mmene magetsi amathimathima, ntchito yake yambiri imagwiridwa pabalaza.

Muyeso wa kabokosi kotere unakhazikitsidwa kale ndi anthu amene sanaonepo babu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ankanena za fodya wopera: munthu amamutapa m'kabotolo, amamutsina ndi zala ziwiri, koma pa ulendo waufupi wochoka pachala kukafika pamphuno, mphepo imatha kudutsa. Chinthu chimakhala chako chikafika, ndipo chimene chidakali pa njira sachiwerengera. Pa nkhani ya magetsi, ulendo umenewu uli ndi malo angapo pamene mphepo imadikirira, ndipo wogula wanzeru amawadziwa onse asanatulutse ndalama.

Magetsi a pawaya

Magetsi ambiri a m'Malawi amapangidwa pa mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi akachepa, magetsi amachepa. Akachuluka n'kubwera ndi zinyalala ndi namasupuni, makina amatsamwa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo dziko linataya ma megawatt pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ku Zambia chilala cha 2024 chinatsitsa madzi a Kariba mpaka mabanja ambiri ankaona magetsi maola owerengeka okha pa tsiku. Choncho munthu amene wagula mayunitsi, nambala yonse n'kuilowetsa pa mita popanda kuphonya, ali ndi fodya wolipiridwa bwino koma adakali pachala. Umboni wake ndi mfuu ya ana m'makwalala magetsi akabwera, "Ayakaaa!", chifukwa palibe mwana amene amakuwira chinthu chimene amachidalira. Kabokosi kosungira magetsi ndi njira yokokera fodyayo m'mphuno nthawi idakalipo.

Manambala a pa katoni

Pa katoni pamalembedwa manambala awiri ooneka ngati apachibale, W ndi Wh, ndipo wogulitsa amatchula imene ili yaikulu. Wh ndi kukula kwa kabotolo, kutanthauza mphamvu yonse imene batire lasunga. W ndi kuchuluka kwa fodya amene zala zingatape kamodzi, kutanthauza katundu amene inveta ingasenze pa nthawi imodzi. EcoFlow River 2, mwachitsanzo, ndi ya 256Wh ndi 300W, ndipo imalemera makilogalamu 3.5. Chipangizo chofuna 500W n'chachikulu kuposa muyeso wa invetayo ngakhale batire litadzaza thoo, pamene babu la 5W lingayake mpaka mwini nyumba atatopa nalo.

Pali nambala yachitatu imene amalonda amaikonda kwambiri, ya mAh, chifukwa imabwera ndi maziro ambiri. Batire la 256Wh lomwelo lingalembedwe 80,000mAh popanda kunama, ndipo wogula amapita kwawo akuganiza kuti watenga theka la Nkula. Pawa banki ya m'thumba yolembedwa 20,000mAh imasunga 74Wh basi. Poyerekeza timabokosi tiwiri, nambala yodalirika ndi ya Wh.

Zimene zimafika pamphuno

Ngakhale Wh sifika yonse. Inveta ikamasandutsa magetsi imadyako gawo lake, nthawi zambiri pakati pa 10 ndi 20 pa 100 iliyonse, ndipo gawolo limatuluka ngati kutentha. Pa 256Wh, zimene chipangizo cha pasoketi chimalandira ndi pafupifupi 218Wh. Masamu otsatira ndi a ku pulayimale. Wailesi yakanema ya 40W, dikoda ya 15W ndi babu limodzi la 5W zimakwana 60W, ndipo 218 kugawa ndi 60 ndi maola atatu ndi theka. Mpira umodzi ndi nthawi yopumira yomwe umatha bwinobwino. Wachiwiri umafika kumapeto mwa mwayi, ndipo ukalowa m'mapenate, zotsatira zake zimakamvedwa mawa pa minibasi.

Foni yamakono ili ndi batire la pakati pa 12Wh ndi 20Wh, laputopu ili ndi la 50Wh kapena 60Wh, ndipo rauta ya intaneti imadya 10W kapena kucheperapo. Zinthu zing'onozing'onozi n'zimene kabokosi kanabadwira. Kuzitchajira pa USB kumasunga mphamvu kuposa kudzera pa soketi, popeza magetsi sayenda ulendo wosandulika kawiri. Inveta ikangosiyidwa yoyatsa imadya ndithu ngakhale pasoketi palibe kanthu, moti woiwala kuizimitsa usiku amadzuka m'mawa batire litatsika, n'kuyamba kufunsa ana mafunso amene sawayenera.

Zimene kabokosi kamakana

Chilichonse chopanga moto ndi mdani wa batire. Ketulo yamagetsi imafuna 2,000W kapena kuposa, nsimbi yositira imafuna kuyambira 1,000W, ndipo hotipuleti ili m'gulu lomwelo. Kabokosi ka 300W kakalumikizidwa ku zoterezi kamalira kamodzi n'kudzizimitsa, kumene ndi kudziteteza, ngakhale eni ake ambiri amati kafa. Ngakhale kakanavomera, kuwiritsa lita imodzi ya madzi kumafuna pafupifupi 100Wh, ndiye kuti batire lonse lingathere pa tiyi wa alendo a tsiku limodzi. Nsima ya banja lonse siyerekezedwa n'komwe. Mbaula, imene anthu ena amaitsanzika tsiku logula kabokosi, imabwerera pa udindo wake madzulo a tsiku lomwelo.

Filiji ili ndi khalidwe lakelake. Ikamayenda imadya 100W kapena 150W, koma poyamba kulira injini yake imakoka mphamvu yochuluka kangapo kwa kamphindi kochepa, ndipo pa tsiku lotentha imatha kumaliza 1,000Wh. Woteteza nyama ndi nsomba za m'filiji amafunika kabokosi ka 1,000Wh kapena kuposa, kamene kulemera kwake kumadutsa makilogalamu 10 ndipo dzina loti konyamula pamanja limayamba kukayikitsa. Zipangizo za injini, komanso makina othandizira kupuma, zimafuna inveta yolembedwa pure sine wave. Mainveta otchipa a modified sine wave amachititsa fani kung'ung'udza ndi kutentha.

Mtundu wa batire

Mabatire ofala ndi a mitundu iwiri. La LiFePO4 limatha kudzazidwa ndi kutsitsidwa maulendo 3,000 lisanatsike kufika pa 80 pa 100 ya mphamvu yake yoyamba, ndipo limapirira kutentha. La NMC n'lopepukirapo koma limafika pa msinkhu womwewo pakati pa maulendo 500 ndi 800. Kwa munthu wopita kutchire kawiri pa chaka, kusiyanaku kulibe kanthu, pakuti maulendo 500 ndi okwanira iye, ana ake ndi adzukulu. Kwa amene amatsitsa batire tsiku lililonse, maulendo 500 amatha chaka chachiwiri chisanathe, pamene 3,000 ndi zaka zisanu ndi zitatu.

Kudzaza

Kabokosi kopanda kanthu ndi mpando wodula wa mwana. Liwiro lodzazira pakhoma n'lofunika kwambiri kumene magetsi amabwera pakati pa usiku n'kuchoka tambala asanalire kachiwiri. Timabokosi tina timadzaza pa ola limodzi, tina timafuna maola asanu kapena kuposa, ndipo totereti timathera moyo wake pa theka.

Sola nayo ili ndi mphepo yake. Yolembedwa 100W imapereka 70W kapena 80W masana dzuwa lili paliwombo, itayang'anitsidwa bwino komanso itapukutidwa fumbi. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango umatsitsa mphamvu kuposa mmene maso angaganizire. Mu Okutobala batire la 256Wh limadzaza pa maola anayi kapena asanu. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, sola imatha kukhala panja masiku atatu ikungonyowa. Njira yachitatu ndi bowo la m'galimoto, limene limapereka pafupifupi 100W injini ikamalira. Wotchajira injini itazima amasamutsa vuto kuchoka m'kabokosi kupita ku batire la galimoto, ndipo m'mawa amafunafuna anyamata okankha.

Kutumiza kwa abale akunja

Kabokosi kolonjezedwa ndi m'bale wa kunja ndi fodya amene sanafike n'komwe pachala. Malamulo a ndege salola wokwera kunyamula batire la lithium loposa 160Wh, kaya m'chikwama cha m'manja kaya m'sutikesi. Achimwene a ku London akanena kuti abwera nako pa Khirisimasi amanena ndi mtima wabwino, koma kabokosiko kamathera pa bwalo la ndege. Kamayenera kudzera njira ya katundu kapena ya pamsewu. Kochokera ku America kamatulutsa 110V kapena 120V, pamene zipangizo za m'Malawi ndi m'Zambia zimafuna 230V. Kochokera ku Johannesburg kali ndi mphamvu yoyenera, koma masoketi ake nthawi zambiri ndi a mano obulungira, pamene mapulagi a m'Malawi ndi a mano atatu a makona, motero adaputala imalowa m'gulu la zogula.

Kutchire

Pa msasa kabokosi kamaposa jenereta pa zinthu zitatu: sikalira, sikatulutsa utsi, ndipo sikafuna kukaima pa mzere wa petulo. Jenereta imatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene umapha anthu m'malo otsekeka, pamene kabokosi kangagone m'tenti momwemo. Ku Liwonde kamalola munthu kumva mvuu usiku m'malo momva injini. Koma kamadana ndi nyengo zopyola muyeso. Batire la lithium silitchajidwa kukazizira kufika pansi pa 0°C, ndipo pa Nyika ndi pamwamba pa Mulanje chisanu chimagwa ndithu m'miyezi yozizira, choncho limadikira dzuwa likwere. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa vuto ndi kutentha, ndipo kusiya kabokosi m'galimoto yotseka magalasi mu Okutobala kumafupikitsa moyo wake. Ku Cape Maclear adani ndi mchenga ndi madzi, popeza timabokosi tambiri tili ndi timabowo topumira. Wokwera Sapitwa, pa mamita 3,002, amazindikira pa mtunda woyamba kuti makilogalamu 3.5 a m'sitolo ndi osiyana ndi a paphiri. Kumeneko pawa banki ndi tochi n'zokwanira, ndipo kabokosi kamayenera msasa wofikako pa galimoto.

Aneba

Mphepo yaikulu kuposa zonse silembedwa m'kabuku ka malangizo. Nyumba imodzi ikawala m'dera lamdima, uthenga umayenda popanda netiweki. Pasanathe mphindi khumi pakhomo pamamveka "Odi!", ndipo pamaima mwana wonyamula mafoni atatu ndi tchaja imodzi yomangidwa ndi tepi. "Akuti amayi mutchajireko pang'ono, akudikira foni ya kumudzi." Pambuyo pake pamabwera alamu ndi laputopu, kenako a mpingo kudzafunsa ngati kangayendetse zokuzira mawu Lamlungu. Pa maliro sikabwerekedwa, kamangotengedwa. Kukana n'kovuta, pakuti fodya wopera nayenso sankafwenkhedwa mobisa pa bwalo. Powerengera mphamvu yofunika panyumba, mwini wake amaphatikiza zipangizo zake zonse, kenako amawonjezera mafoni a nyumba ziwiri za kumanja ndi ziwiri za kumanzere.

Kuyesa ndi kusamala

Njira yodziwira choona ndi yosavuta, ndipo imachitika chitsimikizo cha wogulitsa chisanathe. Batire limadzazidwa mpaka 100, kenako kumalumikizidwa chipangizo chodziwika mphamvu yake, monga fani ya 50W, ndipo maola amawerengedwa mpaka kabokosi kazime. Maola kuchulukitsa ndi 50 ndiye Wh yeniyeni. Kabokosi ka 256Wh kakayendetsa faniyo maola anayi ndi pang'ono, kali bwino. Kakazima pa maola awiri, katoni inalonjeza zimene batire silikuzidziwa, ndipo lisiti liyenera kufunidwa msanga. Kofuna kugwiritsidwa ntchito pa kompyuta kamayesedwanso pozula pulagi yake pakhoma kompyuta ili yoyaka, kuti zioneke ngati kamalandira katunduyo kompyuta isanazime.

Kabokosi sikalumikizidwa ku soketi ya pakhoma n'cholinga choyatsa nyumba yonse, chifukwa magetsiwo amabwerera m'mawaya a panja n'kuika pangozi amisiri okonza, ndipo magetsi a pawaya akabwera amaononga inveta. Kamasungidwa pouma, pamthunzi, timabowo take topumira tisanatsekedwe ndi nsalu yokongoletsera. Kakakhala osagwira ntchito kamadzazidwa pakatha miyezi itatu iliyonse, popeza batire limatsika lokha pang'onopang'ono, ndipo likatheratu n'kukhala choncho nthawi yaitali limatha kukana kudzukanso. Batire lotupa, lonunkha kapena lotentha popanda chifukwa limatulutsidwa m'nyumba nthawi yomweyo. Likatha ntchito siliponyedwa kudzala kumene zinyalala zimatenthedwa, chifukwa lithium ikagwira moto sizima msanga, koma limabwezedwa kwa ogulitsa kapena kwa amisiri odziwa za mabatire.