Ziro amene anandigulitsitsa mbuzi

Anzanga amene tinaphunzira limodzi ku koleji amanditchula kuti "Mfumu ya Kilombero". Amatero akuseka, ndipo ine ndimaseka nawo chifukwa kudandaula kunanditopetsa. Dzina la koleji yathu sinditchula poti ilibe mlandu. Mlandu wonse uli pa ine ndi chala changa chachikulu chakumanja.

Ndine mphunzitsi. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ntchito inandiponya kuno ku Iponga m'boma la Karonga, kufupi ndi boda ya Songwe. Ndinabwera ndi sutikesi yokha, kenako ndinapeza mkazi wachinkhonde, ana, mbuzi zomwe ndikambe bwino kutsogoloku, ndi kamunda ka mpunga kamene apongozi anatibwereka. Amene amalowa m'matope kukawokera ndi mayi a kunyumba. Ine mpunga ndimaudziwa ukafika m'mbale.

Ife amene tinamaliza chaka chimodzi tili ndi gulu pa WhatsApp. Ena ali ku Lilongwe m'maofesi ozizira, ena ku Blantyre, wina ku Johannesburg, wina ku London. Nthawi zambiri m'gulumo mumakhala mauthenga a maliro, mikangano ya Bullets ndi Wanderers, ndi zithunzi za anthu atatsamira magalimoto amene mwina si awo. Koma mu Epulo 2024 apampando athu anabwera ndi nkhani yolemera. Anati kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ana ambiri pakoleji pathu akugona ndi njala, ena akulongedza katundu chifukwa cha fizi. Bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'sukulu zaukachenjede, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, silingafikire aliyense. Anatikumbutsanso za moto umene unapsereza laibulale ya Mzuzu University mu Disembala 2015, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa, ndi mmene anthu akufuna kwabwino anathamangira kukathandiza. Anafunsa ngati ifeyo tikudikira kuti kwathunso kuyake moto kuti tikumbuke kumene tinachokera.

Tinagwirizana kuti mu Ogasiti kukhale mgonero wotolera ndalama ku Lilongwe, ndipo aliyense alonjeze chomwe angathe. Malonjezo anayamba kugwa. Wa ku London anatchula mapaundi. Wa ku Johannesburg anatchula makompyuta. Kenako wina analemba kuti, "Nanga a ku Iponga, Kilombero uja timangomumva kununkhira m'zithunzi?"

Ndinaganiza mwanzeru ndithu. Matumba awiri sangaphe munthu. Ndinalemba kuti ine ndipereka matumba 2 a mpunga wa Kilombero a makilogalamu 50, opunthapuntha, oti akagulitsidwe pa mgoneropo. Chala chinaterereka n'kugunda ziro. Uthenga unapita ukuti matumba 20.

WhatsApp imapatsa munthu mphindi 15 zoti akonze zomwe walemba. Koma kuno foni ili ndi khalidwe lake: nthawi zina imasiya netiweki ya kwathu n'kukakwatiwa ndi ya ku Tanzania, ngakhale wotchi yake n'kudumphira kutsogolo ndi ola lathunthu. Ndinathamanga ndi foni m'mwamba mpaka kumsewu wa M1. Pamene netiweki inkabwerera, mphindi zija zinali zitapita, ndipo m'gulu munali mutadzaza manja owomba. Apampando anali atalemba kale kuti, "Tani yathunthu! Amuna ndi awa. Mfumu ya Kilombero!" Mayi wina amene anandikana tili chaka chachiwiri, ponena kuti ndilibe tsogolo, analemba kuti, "Achimwene, sindinkadziwa kuti munafika pamenepa."

Apa ndiye poulula penipeni. Mpata wolemba kuti "pepani, ndimati awiri" unalipo, ndipo anthu akanaseka tsiku limodzi n'kuiwala. Koma mawu a mayi uja ananditsekemera. Ndinayankha kuti, "Zazing'ono izi, koleji inatilera." Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine ndinawonjezerapo matama.

Mayi a kunyumba sindinawauze. Ndinadikira kukolola, ndikuganiza kuti m'munda mwathu mutuluka theka, kwinako ndidzaona. Titakolola, ndinayamba kuzungulira matumba a m'chipinda ndikuwerenga chamumtima. Iwo anandiona.

"Abambo, matumbawo mukuwawerengeranji? Awa ndi a fizi, awo ndi akudya, ilo ndi la mbewu. Palibe lamasiye."

"Ayi mayi, ndimangoyamikira ntchito yanu."

"Yamikirani muli patali."

Njira imeneyo itatsekeka, ndinapita kwa bambo wina wa katapila. Anandilandira ndi ulemu umene munthu salandira ngakhale kwa apongozi. Anati pakutha pa mwezi ndibweze ndalamayo ndi theka lake pamwamba. Ndinasaina. Maganizo anga anali akuti ndigule mpunga wosapuntha pamene uli wotchipa, ndipunthitse ndekha, ndipo ndisunge kangachepe.

Mpunga ndinakagula kwa mavenda chakumsika. Chinkhonde changa ndi cha moni ndi kuthokoza basi, choncho iwo ankakambirana okha n'kumaseka, ine n'kumaseka nawo. Ndinafunsa ngati unali Kilombero weniweni. Anatapa m'thumba lapamwamba, kufikisa m'manja, kuuzira mankhusu, n'kundinunkhitsa. Fungo lake linali lija limachititsa anthu a ku Lilongwe kuimitsa basi. Ndinagula matumba 20 osatsegula ena onsewo.

Kuchigayo n'kumene ndinaphunzira zomwe mwana aliyense wa kuno amadziwa. Thumba la mpunga wosapuntha si thumba la mpunga wophika. Ukapunthitsa makilogalamu 100, umatsala ndi 60 kapena 65, zinazo zimapita ku mankhusu ndi deya. Kuti munthu apeze tani imodzi ayenera kugula pafupifupi tani ndi theka. Ndinaima n'kumaona matumba anga 20 akulowa m'makina, kutsidya kukutuluka 13. Ine amene ndimaphunzitsa ana maperesenti.

Wapachigayo anatapa pang'ono n'kuyang'anitsitsa. "Aphunzitsi, mwati uyu ndi Kilombero?"

"Weniweni."

"Kilombero alimo, inde. Koma alimo ngati mlendo. Eni nyumba ndi Faya ndi Pusa."

Anandionetsa mmene njere za Kilombero zimatalikira, ndi mmene zanga zinalili zosakanikirana, zina zazifupi, zina zosweka chifukwa mpungawo sunaumitsidwe bwino. Ndinamupempha kuti asauze munthu. Analonjeza. Pofika madzulo, anyamata a kabaza ankandipatsa moni akuti, "Mwaswera bwanji a Faya?"

Ndinadzilimbitsa mtima kuti anthu a m'tauni sasiyanitsa. Chotsala chinali mayendedwe. Basi inkafuna ndalama zomwe ndinalibe, ndiye ndinapangana ndi dalaivala wa lole ina yomwe inkapita ku Lilongwe. Kumbuyo kunali migolo, ndipo sindinafunse kuti munali chiyani. Kunyumba ndinanena kuti ndikupita kumsonkhano wa aphunzitsi. Matumba tinakweza usiku kuseri kwa chigayo.

Tinadutsa Karonga, Chilumba ndi Chitimba bwinobwino, nyanja ili kumanzere, ine ndikukonza zokalankhula pa mgonero. Titayamba kukwera Chiweta, lole inayamba kutsokomola. Pakona ina inangoti zii. Wothandiza dalaivala analumpha n'kuika miyala kumatayala. Dalaivala anatsegula kutsogolo, kuyang'ana, n'kunena mawu amene aliyense woyenda pamsewu umenewu amawaopa: "Chitsulo chake chikapezeka ku Mzuzu."

Anapita. Ine ndinatsala ndi mnyamata uja ndi matumba. Amene anadutsapo pa Chiweta akudziwa kuti pamenepo eni malo ndi anyani. Poyamba anabwera mmodzi, kukhala pamwala, n'kumandiyang'ana mwaulemu. Nditapita kuseri kwa tchire kukadzithandiza, ndinabwerera n'kupeza banja lonse lili pamwamba pa lole, thumba limodzi litang'ambidwa, ana akudya, akuluakulu akutapa ndi manja onse awiri. Ndinakuwa m'Chichewa, sanamve. Ndinayesa Chinkhonde changa chochepa chija, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinawathokoza, chifukwa anapitiriza.

Usiku kunazizira ndipo kunawaza kamvula. Tinakoka lona kuti tifunditse matumba, ndipo pokokapo tinagwetsa chigubu chomwe mnyamata uja anasiya chosatseka. Munali dizilo. Migolo ijanso, ndinazindikira mochedwa, inali yonyamulira mafuta omwewo. Mpunga umakoka fungo la chilichonse chomwe wagona nacho pafupi. Kutacha, Kilombero wanga wochepa uja ankanunkha ngati galaja.

Mgonero unachitika ine ndili pa Chiweta. Foni inkalira, ine n'kumaiyang'ana. Ndinamva pambuyo pake kuti anandisungira mpando kutebulo lapamwamba, pafupi ndi mlendo wolemekezeka, ndipo woyendetsa mwambo anaitana "Mfumu ya Kilombero" mpaka anthu anayamba kuyang'ana kukhomo.

Ndinafika ku Lilongwe zonse zitatha, malaya ali ndi madontho a mafuta, ndi matumba 12. Amene anandilandira ndi msungichuma wa gulu lathu, mayi wofatsa amene ku koleji ankakhala kutsogolo n'kumatibwereka manotsi. Anatsegula thumba limodzi, kununkhiza, n'kubwerera m'mbuyo.

"Achimwene, uwu tiphike kapena tithire m'galimoto?"

Ndinawauza zonse, kuyambira pa ziro mpaka pa anyani. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Atatha anatulutsa kope lawo n'kunditsegulira. Mapaundi a ku London anali asanafike. Makompyuta a ku Johannesburg anali "m'njira". Mwa onse amene tinalonjeza zogwedeza gulu, amene anabwera ndi kanthu kooneka ndinali ine, ndi dizilo wanga. Kenako anatsegula masamba akumbuyo. Kumeneko kunali mayina a anthu amene m'gulu salankhula n'komwe: aphunzitsi a kumidzi, alangizi a zaulimi, mayi wina wogulitsa kaunjika. Aliyense ankatumiza kangachepe pafoni mwezi ndi mwezi, osalengeza. Ndalama zimenezo ndi zomwe zinali zitalipirira kale fizi ya atsikana awiri ndi kugulira chakudya ena angapo.

"Mukanabweretsa awiri aja," anatero, "tikanawaika m'mapaketi a makilogalamu asanu, anthu akanalimbirana. Kilombero weniweni safuna wokuwa."

Matumba amene dizilo sanawafike kwenikweni anagulidwa motchipa ndi mayi wina wa lesitilanti. Otsalawo sanapeze wowafuna. Zonse pamodzi zinangoposa pang'ono mtengo wa matumba awiri abwino.

Kunyumba nkhani inali itandidutsa kale panjira. Wa katapila anali atabwera kudzapereka moni, ndipo anakhala pakhonde nthawi yaitali akuyang'ana khola. Mayi a kunyumba sanakuwe. Anandipatsa madzi osamba, kundiikira chakudya, n'kudikira kuti ndimalize.

"Abambo, msonkhano wa aphunzitsi unayenda bwanji?"

"Mayi, ndinalakwa."

"Kuthandiza sukulu yanu si kulakwa. Inakuphunzitsani, ndipo tikudya za maphunziro omwewo. Mukanandiuza, matumba awiri ndikanakupatsani ine, osankhidwa ndi manja angawa. Koma inu munafuna kuti akuwombereni m'manja anthu amene sadziwa ngakhale mtengo wa ndowa imodzi."

Mbuzi zinapita zonse, ndi yabere yomwe. Apongozi aamuna atamva anangopukusa mutu n'kufunsa ngati ku kolejiko ankatiphunzitsanso kuwerenga.

Chodabwitsa n'chakuti nditalemba nkhani yonseyi m'gulu, anthu anamasuka. Wa ku London anavomera kuti amagwira ntchito usiku ndipo mapaundi aja anawatchula atatengeka. Wina anati galimoto ya pachithunzi ija ndi ya abwana ake. Tinagwirizana zosiya mipikisano ya malonjezo. Tsopano aliyense amatumiza zomwe angathe pakutha pa mwezi, msungichuma amaika ndondomeko ya zolowa ndi zotuluka poyera, ndipo ndalama ya fizi imapita ku akaunti ya koleji, osadzera m'thumba la munthu. Ine gawo langa ndi mtengo wa ndowa imodzi ya mpunga, ndipo amatumiza ndi mayi a kunyumba, poti chala changa anachiletsa kugwira manambala.

Inu amene munadutsa m'makoleji a dziko lino, kaya ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Domasi kapena ku Karonga TTC, kumbukirani kuti pabedi pamene munkagona pali mwana wina lero amene sakudziwa ngati amaliza teremu. Muthandizeni ndi zomwe muli nazo m'manja, ngakhale zichepe, bola zizibwera mwezi uliwonse. Ndipo musanatumize lonjezo lililonse pagulu, werengani maziro kawiri, kenako mukafunse kunyumba.